Amene Akuguba ndi Amene Akuonerera: Zolemba za Ulendo wa Maperete a Pride

Lachisanu, New York

Ndayambira ulendowu pa msewu wa Christopher, m'dera la Greenwich Village, chifukwa maperete ambiri a Pride padziko lapansi, omwe anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha ndi anzawo amaguba poyera pofuna ufulu wawo, amati chiyambi chawo chili pano. Nyumba ya Stonewall Inn ndi yaing'ono poyerekeza ndi mbiri yake. Khoma lake lakumaso ndi la njerwa, lili ndi zenera lalikulu momwe dzina la malowa likuwala ndi nyali zofiira, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuidutsa osacheuka n'komwe. Usiku wa pa 28 Juni 1969 apolisi analowa m'nyumbayi mwadzidzidzi, monga momwe ankachitira kawirikawiri m'malo omwera mowa amene munkasonkhana amuna okondana ndi amuna anzawo, akazi okondana ndi akazi anzawo, ndiponso anthu amene kavalidwe ndi kakhalidwe kawo sikankagwirizana ndi zimene anthu ankayembekezera potengera mmene anabadwira. Nthawi zina zonse anthu akatulutsidwa ankabalalika mwamanyazi, aliyense akubisa nkhope kuti abwana ake kapena abale ake asamve. Usiku umenewo sanabalalike. Anaima panja, khamu linakula, ndipo kulimbana ndi apolisi kunapitirira kwa mausiku angapo.

Chaka chotsatira, pa 28 Juni 1970, anthu anaguba kuchokera m'dera lino kudzera mu Sixth Avenue mpaka ku Central Park pokumbukira zimene zinachitikazo, ndipo ulendo umenewo ndiwo unabala perete amene ndidzaonere Lamlungu. Moyang'anizana ndi nyumbayi pali kapaki kotchedwa Christopher Park, komwe kuli ziboliboli zinayi zopakidwa utoto woyera zimene anaumba George Segal: amuna awiri ataimirira, wina atagwira mnzake paphewa, ndi akazi awiri atakhala pabenchi. Mu 2016 Purezidenti Barack Obama analengeza kuti malo ano akhale chikumbutso cha dziko lonse la America. Madzulo ano pampanda wa pakiyi panali timbendera ta utawaleza tosawerengeka, maluwa, ndi zithunzi za Marsha P. Johnson, amene mu 1970, pamodzi ndi Sylvia Rivera, anayambitsa gulu la STAR lothandiza achinyamata osowa pogona.

Pobwerera, maso anga anakodwa ndi milu ya mipanda yachitsulo imene yaunjikidwa kale m'mbali mwa msewu, kudikira kuti iimikidwe. Ndatsimikiza kuti mumzinda uliwonse ndiziyang'ana chinthu ichi: kodi munthu wamba amene wangofika yekha, wopanda gulu ndiponso wopanda chiphaso, angathe kuchoka pamene waima n'kulowa pakati pa oguba, kapena malo ake ndi kuseri kwa mpanda?

Loweruka, New York

Lero kunali Dyke March, ulendo wa akazi umene unayamba mu 1993 ndi gulu la Lesbian Avengers. Okonza ake sapempha chilolezo kwa apolisi, ndipo amanena poyera kuti zimene akuchita ndi zionetsero. Anthu anasonkhana ku Bryant Park dzuwa litapendeka, n'kutsetsereka mu Fifth Avenue kulowera ku Washington Square Park, popanda malole, popanda zizindikiro za makampani, koma ng'oma ndi zikwangwani zolembedwa pamanja pa makatoni.

Popeza palibe chilolezo, msewu amautchinjiriza okha. Pa mphambano iliyonse akazi odzipereka ankagwirana manja, n'kupanga mzere wotchinga magalimoto mpaka woguba womaliza atadutsa, kenaka n'kuthamangira kutsogolo kukatchinga mphambano ina. Ndinaima nthawi ndithu pafupi ndi mayi wina wa imvi amene anali kumapeto kwa mzere, thukuta lili kamukamu, dalaivala wa takisi akumulizira hutala mosalekeza. Mayiyo anangomuyang'ana, n'kumugwedezera mutu mwaulemu, koma dzanja la mnzake sanalisiye. Amuna amene amabwera kudzapereka chilimbikitso amapemphedwa kuti aime m'mbali n'kumachemerera, ndipo ambiri amatero mokondwa. Malire alipo, koma amasungidwa ndi ulemu osati ndi chitsulo. Atafika ku Washington Square ambiri analowa m'madzi a kasupe wa pakati pa bwalolo ndi zovala zomwe, ng'oma zikulirabe.

Lamlungu, New York

Perete wamkulu, amene amakonzedwa ndi bungwe la Heritage of Pride, ananyamuka chakumasana pafupi ndi Madison Square Park, akutsogoleredwa ndi akazi okwera njinga zamoto zimene phokoso lake limamveka pachifuwa munthu asanazione. Apa mipanda ija inagwira ntchito yake. Kuti munthu agube ayenera kukhala m'gulu lolembetsedwa, ndipo ife ena tonse tinathithikana kuseri, mwakuti kuwoloka msewu kunafuna kuyenda mtunda kukapeza polowera. Mbendera zinali za mitundu iwiri makamaka: ya mizere isanu ndi umodzi, imene inachokera pa ija anasoka Gilbert Baker ku San Francisco mu 1978 ili ndi mizere isanu ndi itatu, ndi ina yatsopano imene Daniel Quasar anakonza mu 2018 powonjezera mitundu yakuda, yabulawuni, yoyera, yapinki ndi yabuluu wowala, pofuna kuti anthu akuda ndi anthu amene anasintha kuchoka pa umuna kapena ukazi umene anabadwa nawo asaiwalike.

Palibe gulu limene linachemereredwa kuposa la makolo. Bungwe lawo la PFLAG linachokera kwa mphunzitsi wina, Jeanne Manford, amene mu 1972 anaguba pambali pa mwana wake Morty atanyamula chikwangwani chopempha makolo kuti aime ndi ana awo. Mnyamata amene anali pafupi nane anali chete tsiku lonse, koma makolowo atafika anatambasula manja pamwamba pa mpanda. Mayi wina anachoka pamzere, n'kumuuza kuti, "Bwera kuno, mwana wanga," ndipo anamukumbatira, chitsulo chili pakati pawo. Mnyamatayo analira kwambiri, ndipo palibe amene anamufunsa chifukwa chake, popeza aliyense pamenepo akudziwa za ana amene makolo awo enieni sawayankhulanso.

Njira ya perete imadutsa pa Stonewall, kenaka imakhota kulowera kumpoto kudutsa pa chikumbutso cha anthu amene anamwalira ndi Edzi, pafupi ndi pomwe panali chipatala cha St. Vincent's chimene chinalandira odwala ambiri m'zaka za m'ma 1980. Gulu la ACT UP, limene linayamba mumzinda uno mu 1987 pokakamiza boma kuti lifulumizitse mankhwala, likadagubabe, ndipo mwa oguba ake muli okalamba amene anaika m'manda anzawo ambiri adakali anyamata. Kumbuyo kwawo kunabwera malole a mabanki ndi makampani, kwa maola ndi maola. Sindikufuna kuwanyoza, chifukwa ndalama zawo zimathandiza kulipira zofunika pa tsiku lalikulu ngati ili, ndiponso si chinthu chochepa kuti wantchito agube poyera pansi pa dzina la abwana ake m'dziko limene kale akanachotsedwa ntchito. Komabe ndinamvetsa chifukwa chimene mu 2019, chaka chimene akuluakulu a mzinda anati anthu pafupifupi 5 miliyoni anabwera kudzakumbukira zaka 50 za Stonewall, gulu la Reclaim Pride Coalition linayambitsa perete wakewake wa Queer Liberation March, wopanda malole a makampani, amene aliyense angalowemo. Ndinachoka pampanda paja n'kukamufunafuna, ndipo nditamupeza ndinayenda naye mpaka miyendo itakana.

Lachinayi, Madrid

Kuno chikondwererochi amachitcha Orgullo, ndipo chimatenga masiku angapo kumayambiriro kwa Julayi. Chimake chili ku Chueca, dera la misewu yopapatiza kumpoto kwa Gran Vía, limene m'zaka za m'ma 1980 linali lonyozeka chifukwa cha mankhwala osokoneza bongo, kufikira pamene anthu a LGBT (okondana amuna kapena akazi okhaokha, okonda amuna ndi akazi omwe, ndi amene anasintha umuna kapena ukazi umene anabadwa nawo) anayamba kutsegulamo malo omwera mowa, malo odyera ndi masitolo. Lero ngakhale siteshoni ya sitima yapansi ya Chueca yakongoletsedwa ndi mitundu ya utawaleza. Dzulo usiku kunali mwambo wotsegulira pabwalo lotchedwa dzina la Pedro Zerolo, khansala wa mzinda uno amene anamenyera nkhondo ufulu wa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo anamwalira mu 2015.

Madzulo ano ndinakaonera mpikisano wothamanga atavala nsapato za gogoda pa Calle Pelayo. Othamanga ambiri ndi amuna, ndipo asananyamuke amakhala pansi n'kumazenga tepi kuzungulira nsapato ndi akakolo kuti isavuke. Msewuwo ndi wopapatiza kwambiri moti oonerera amatha kuwakhudza, ndipo wina akagwa manja ambiri amamudzutsa nthawi yomweyo. M'makonde a nyumba zosanja munali agogo akupupiza timakupiza, akuseka mpaka misozi.

Kuseka kumeneku kumamveka mwamtundu wina ukadziwa kumene dzikoli lachokera. Mu ulamuliro wa Francisco Franco, mkulu wa asilikali amene analamulira Spain mwankhanza, lamulo la anthu oyendayenda linasinthidwa mu 1954 kuti likhudzenso amuna okondana okhaokha, ndipo lamulo lina la mu 1970 linawatcha anthu oopsa kwa anzawo, oyenera kutsekeredwa kuti awongoledwe. Ndende za ku Huelva ndi ku Badajoz zinkagwiritsidwa ntchito imeneyo. Franco anamwalira mu 1975, zionetsero zoyamba zinachitika ku Barcelona mu 1977 ndipo apolisi anazibalalitsa, za ku Madrid zinatsatira mu 1978, ndipo mu 1979 gawo la lamulo lija linachotsedwa. Pofika mu 2005 Spain inakhala dziko lachitatu, pambuyo pa Netherlands ndi Belgium, kuloleza maukwati otere. Zaka 26 zokha zinalekanitsa ndende ndi ukwati, kutanthauza kuti pakati pa okalamba amene ndawaona lero pakhoza kukhala amene anaona zonse ziwiri ndi maso awo.

Loweruka, Madrid

Chifukwa cha kutentha, perete wa kuno amayamba madzulo. Amanyamukira ku Atocha, n'kudzera mu Paseo del Prado ndi pa Cibeles mpaka ku Plaza de Colón, ndipo ali ndi magawo awiri amene amasiyana kwambiri. Kutsogolo kumakhala chinsalu chachikulu chokhala ndi uthenga wa chakacho, chogwiridwa ndi atsogoleri a mabungwe a anthu a LGBT otchedwa FELGTBI+ ndi COGAM, kenaka magulu ambirimbiri oyenda pansi: a makolo, a okalamba, a anthu olumala, a othawa kwawo, a ochokera m'matauni ang'onoang'ono. Awa akafika ku Colón kumawerengedwa chikalata cha zofuna zawo. Pambuyo pake ndi pamene pamabwera malole a nyimbo, amene amayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa usiku. Dongosolo limeneli ndalikonda, chifukwa limapereka malo oyamba kwa amene ali ndi mawu oti anene, koma silimana malo amene abwera kudzavina.

Mipanda ilipo m'malo ena, koma khamu ndi lalikulu kwambiri moti malire a oguba ndi oonerera amasowa okha. Ndinangozindikira kuti ndili pakati pa gulu la aphunzitsi, ndipo palibe anandifunsa kuti ndine yani. Zinali ngati ukwati umene aitanira aliyense. Ndinaona mabanja ndi ana awo m'zikuku, anyamata akuthira anthu madzi ndi mfuti zoseweretsa kuti awaziziritse, ndi atsikana atakwera pamapewa a anzawo. Bambo wina wokhala ku Chueca, amene tinagawana naye mthunzi wa mtengo, anandiuza kuti iye amakondwa ndi pereteyu koma sabata imeneyi sagona tulo, ndiponso kuti mitengo ya nyumba m'deralo yakwera kwambiri moti ambiri mwa amene analitukula sangathenso kukhalamo. Ananena mosawawidwa mtima, mbendera yake ili m'khosi.

Lachisanu, Berlin

Papita masabata angapo chichokereni ku Madrid, popeza Berlin imachita perete wake chakumapeto kwa Julayi. Tsiku la lero ndalithera m'malo achikumbutso, chifukwa mzinda uno sungamvetseke popanda iwo. Kuno ndi kumene dokotala Magnus Hirschfeld anatsegula mu 1919 malo ofufuzira za chikhalidwe cha anthu pa nkhani zogonana, amene otsatira chipani cha Nazi anawaphwanya pa 6 Meyi 1933, mabuku ake n'kukawotchedwa pa 10 Meyi pabwalo limene lero likutchedwa Bebelplatz. Gawo 175 la malamulo a milandu, limene linalembedwa mu 1871 poletsa amuna kugonana okhaokha, linakhwimitsidwa mu 1935. Amuna pafupifupi 50,000 anaweruzidwa nalo mu ulamuliro wa Nazi, ndipo masauzande angapo anatumizidwa ku misasa yozunzirako anthu, kumene ankavekedwa kansalu kapinki ka makona atatu.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti nkhondo itatha lamuloli silinathe. Dziko la West Germany linalisunga monga analisiyira a Nazi mpaka mu 1969, amuna enanso pafupifupi 50,000 anaweruzidwa, ndipo linafufutidwa kotheratu mu 1994. Zigamulo za pambuyo pa nkhondo zinathetsedwa mu 2017, chaka chomwecho chimene maukwati a amuna kapena akazi okhaokha analoledwa, ambiri mwa oweruzidwawo atamwalira kale. Pakhoma la siteshoni ya Nollendorfplatz pali mwala wa makona atatu umene unaikidwa mu 1989, wonena za anthu amene anaphedwa ndipo nkhani yawo n'kukwiriridwa. M'paki ya Tiergarten muli chikumbutso china chimene chinatsegulidwa mu 2008: chibokosi chachikulu cha konkire, chopendekeka pang'ono, chokhala ndi kazenera kamodzi. Munthu amayenera kuyandikira n'kusuzumira, ndipo mkatimo amaona kanema wa anthu awiri akupsompsonana. Kazenerako sikakwana anthu ambiri nthawi imodzi, choncho tinadikirana pamzere, aliyense n'kuona payekha.

Loweruka, Berlin

Perete wa kuno amatchedwa Christopher Street Day, kapena CSD mwachidule, potengera msewu wa ku New York uja. Woyamba anachitika ku West Berlin pa 30 Juni 1979 ndi anthu pafupifupi 450, ndipo lero oguba amakwana masauzande mazanamazana. Amalembetsedwa kuboma ngati zionetsero, ali ndi mndandanda wa zofuna zimene amapereka kwa andale, ndipo chifukwa cha zimenezi msewu ndi wa aliyense. Malole ataliatali okhala ndi zimkuzamawu amayenda motalikirana, ndipo munthu amasankha lole imene nyimbo zake zamukomera n'kumayenda kumbuyo kwake, akatopa nayo n'kudikira ina. Chotchinga chokha chimene ndinaona pafupi ndi chingwe chimene anthu odzipereka amagwira kuzungulira lole iliyonse kuti ovina asayandikire matayala. Ntchito yawo ndi yolemetsa, chifukwa amayenda mtunda wonse maso ali pansi pamene ena onse akusangalala.

Tinadutsa pa Potsdamer Platz, pa Nollendorfplatz pomwe pali mwala uja, n'kuzungulira chipilala cha Siegessäule, mpaka kukathera pa chipata cha Brandenburg. Kavalidwe ka kuno n'kopanda manyazi kuposa kumene ndadutsa, ndipo pali ovala zikopa, ovala nthenga, ndi ovala zochepa kwambiri, koma pakati pawo pamayendanso anthu ovala wamba amene angobwera ndi chikwangwani. Kumbuyo kwa khamu kunkatsatira amuna ndi amayi okoka matumba, akutola mabotolo amene amakabweza kusitolo n'kulandira ndalama, ndipo oguba ambiri ankaimika mabotolo awo bwinobwino m'mbali mwa msewu kuti otolawo asavutike. Tsiku lomweli kumakhalanso perete wina chakum'mwera kwa mzinda, wa amene amaona kuti CSD wayandikana kwambiri ndi makampani ndi andale, ndiye mkangano uja wa ku New York ndaupezanso kuno.

Zikwangwani zambiri zinkanena za matauni ang'onoang'ono a kum'mawa kwa dzikoli. Mu Ogasiti 2024, ku Bautzen, oguba okwana ngati 1,000 anayenda motetezedwa ndi apolisi ambiri chifukwa otsutsa a magulu a tsankho okwana mazana angapo anawatsatira. Mtsikana wina amene tinayenda naye kagawo ka ulendo anandiuza kuti iye ndi anzake amakwera sitima kupita ku maperete a m'matauni oterowo kuti akachulukitse chiwerengero. Anati ku Berlin amabwera kudzavina, koma kumene amaona kuti thupi lake likufunikadi ndi kumatauni kuja. Ndikuganiza kuti ananena zoona.

Loweruka, Amsterdam

Kuno perete amayenda pamadzi, Loweruka loyamba la Ogasiti. Maboti pafupifupi 80 amanyamuka ku Oosterdok, kudzera mumtsinje wa Amstel, n'kulowa mu ngalande ya Prinsengracht. Mwambowu unayamba mu 1996, ndipo oyambitsa ake anali anthu amalonda amene ankafuna kusangalalira ufulu wa mzindawu osati kuchita zionetsero. Mbali ya zionetsero ili ndi tsiku lake, sabata imodzi izi zisanachitike, pamene anthu amaguba pansi. Dzulo ndinakaona Homomonument pafupi ndi tchalitchi cha Westerkerk, miyala itatu yapinki ya makona atatu imene inaikidwa mu 1987, umodzi uli ndi masitepe otsikira kumadzi kumene anthu amasiyako maluwa. Mumzinda uno ndi momwe muli bungwe la COC lomenyera ufulu wa anthu a LGBT, limene linayamba mu 1946, ndiponso ndi muno momwe pa 1 Epulo 2001 mfumu ya mzinda, Job Cohen, inamangitsa maukwati anayi oyamba padziko lonse ovomerezeka mokwanira ndi lamulo la dziko.

Kukongola kwake sindingakutsutse. Milatho ya kuno ndi yofupika, choncho boti lililonse likayandikira mlatho zokongoletsa zake zimapindidwa kapena kuphwetsedwa mpweya, ovina onse n'kugwada pansi, ndipo likangotulukira mbali inayo zonse zimadzukanso nthawi imodzi, khamu n'kukuwa. Panadutsa maboti a apolisi, a asilikali, a zipani za ndale, a mabungwe a zaumoyo ndi a makampani, ndipo m'zaka zapitazo pakhalanso maboti a anthu ochokera ku Morocco ndi ku Turkey, amene kukwera kwawo poyera kunafuna kulimba mtima. Koma pa funso langa lija, Amsterdam ndiye ali ndi mpanda wolimba kuposa onse, chifukwa mpanda wake ndi madzi. Malo m'maboti ndi ochepa, ndipo amene alibe amaima m'mphepete kuyambira m'mawa, kuseri kwa mzere wa maboti a anthu amene anapezeratu poimika. Ndinasangalala, koma tsiku lonse ndinali woonerera chabe.

Lachisanu, Johannesburg

Ndi Okutobala tsopano, ndipo mitengo ya jakaranda yachita maluwa m'misewu yonse. Ndinakwera kupita ku Constitution Hill ku Braamfontein, kumene khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linamangidwa mkati mwa malo a ndende yakale. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a mu 1996 anali oyamba a mtundu wawo padziko lonse kuletsa mwachindunji kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda. Khothili ndilo linathetsa mu 1998 malamulo akale oletsa amuna kugonana okhaokha, ndipo chigamulo chake cha mu 2005 ndicho chinachititsa kuti nyumba ya malamulo ivomereze maukwati otere mu 2006.

Pafupi ndi pano ndi pomwe pananyamukira perete woyamba mu Africa, pa 13 Okutobala 1990, wokonzedwa ndi bungwe la anthu a LGBT lotchedwa GLOW limene atsogoleri ake anali Simon Nkoli ndi Beverley Ditsie. Nelson Mandela anali atangotuluka m'ndende chaka chomwecho, ndipo tsankho la apartheid linali lisanathe. Anthu pafupifupi 800 anabwera, ena atavala matumba a mapepala a m'sitolo kumutu kuti asadziwike. Nkoli, amene anakhala m'ndende pa mlandu woukira boma wa ku Delmas, anauza khamulo kuti iye ndi munthu wakuda komanso wokondana ndi amuna anzake, ndipo sangathe kugawa moyo wake pawiri n'kunena kuti nkhondo iyi ndiyo yoyamba, inayo idikire. Anamwalira mu 1998 ndi matenda a Edzi.

Loweruka, Johannesburg

Perete wa masiku ano amachitikira ku Sandton, dera la mabanki, mahotela ndi nyumba zazitali zagalasi. Palibe mpanda umene unandiletsa kulowa pakati pa oguba, ndipo kuimba kwa kuno sindinakumve kwina kulikonse. Zimkuzamawu zinalipo, koma kumbuyo kwake magulu ankayambitsa okha nyimbo za nthawi yomenyera ufulu, wina akutsogolera ena akuvomereza, mapazi akuponda toyi-toyi mpaka phula likumveka. Panalinso mbendera za mayiko ena a mu Africa zonyamulidwa ndi anthu amene anathawira kuno, ndipo ya Uganda inkaoneka kawirikawiri, popeza lamulo limene dzikolo linakhazikitsa mu 2023 limafika mpaka pa chilango cha imfa pa milandu ina. Ena mwa onyamula mbenderazo anaphimba nkhope ndi magalasi akuda ndi nsalu, monga anachitira anzawo a mu 1990.

Mpanda wa kuno ndi mtunda ndi ndalama. Kuchoka ku Soweto, ku Tembisa kapena ku KwaThema kufika ku Sandton pamafunika kukwera maminibasi angapo, ndipo kumalokeshoni kumeneko ndi kumene ufulu wolembedwa m'malamulo umavuta kufika. Ku KwaThema ndi kumene Eudy Simelane, amene ankasewera mpira mutimu ya dziko ya Banyana Banyana, anagwiriridwa n'kuphedwa mu 2008. Mu 2012, perete akuchitikira ku Rosebank, amayi a gulu la One in Nine anagona pamsewu kutsogolo kwa oguba popempha mphindi imodzi yokha ya bata yokumbukira anthu akuda a LGBT amene anaphedwa, koma anakankhidwa ndi kunyozedwa ndi ena mwa anthu a pereteyo. Nkhaniyi anthu amaikambabe mpaka lero, ndipo ine ndimaona kuti amayiwo sanalakwe, chifukwa perete amene sangaime mphindi imodzi chifukwa cha akufa ake wataya njira ya Simon Nkoli.

Chakumadzulo kunachita mitambo, mvula ya mabingu n'kuyamba, ndipo tinathawira pansi pa denga la pamalo okwerera basi. Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wochokera ku Soweto amene anabwera ndi mwana wake wamkazi pamodzi ndi bwenzi la mwanayo. Atsikanawo ankapukuta utoto wa utawaleza kumasaya ndi kupinda mbendera kuika pansi pa chikwama, ndipo mayiyo anandifotokozera kuti samafuna kuti anthu a pamalo okwerera maminibasi adziwe kumene akuchokera, makamaka kukada. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, nanga n'chifukwa chiyani mumabwerabe?" Anandiyankha kuti mwana wawo akamaguba iwo sangakhale pakhomo kumangodikira foni. Anandiuzanso za Soweto Pride, perete amene bungwe la Forum for the Empowerment of Women linayambitsa mu 2004, amene amachitika mu Seputembala n'kuyenda m'misewu ya m'lokeshoni momwemo, kudutsa pamakomo a anthu amene amawadziwa oguba ndi mayina awo ndi a makolo awo. Anati kumeneko mwana wawo sapukuta nkhope akamaliza, chifukwa aliyense amakhala wamuona kale. Ndalemba mweziwo m'kabuku kanga, ndipo chaka chamawa ndikufuna kukayenda nawo kumeneko.